Nsanza ya pa Waya wa Chifani

Lole ija siibwera msanga, ine ndimaidziwa, choncho senderani kuno ku mbaula, matumba a kabichiwo sathawa. Inu achimwene a jekete yofiira mwakhala mukufunsa za chinthu chija chimaoneka pamtunda wa Chiwomba, cha mapiko atatu chija. Mwafunsa woyenera. Ine ndapikula tomato m'munsi mwa chinthu chimenecho kuyambira chaka chimene anachidzutsa, ndipo zina ndinaziona ndi maso angawa. Koma abambo muli panonu mutseke khutu limodzi, chifukwa m'nkhaniyi muli za amayi zimene kale simukanazimva n'komwe.

Eni ake amati Chifani. Dzina lake lenileni ndi makina opanga magetsi ndi mphepo, koma ndani angatafune zonsezo m'mawa uliwonse? Chinabwera ndi bungwe lina lothandiza alimi a mthirira. Anthu a pa Chiwomba anali atatopa n'kusenza madzi, dambo lili kumunsi, minda ili kumtunda. Wapampando wa kalabu yawo anali Gelesomu Kamtedza, bambo wamtali, wakhama, wosaba, wosamwa. Chilema chake chinali chimodzi chokha. Mawu akuti "sindikudziwa" ankamukakamira pakhosi ngati munga wa nsomba.

Bungwe lija linamutumiza ku Lilongwe kukaphunzira kasamalidwe ka makinawo. Zambiri anazimva bwino. Koma tsiku lomaliza mphunzitsi wawo, mmisiri wina dzina lake a Msiska, anafotokoza kanthu kena m'Chingerezi chothamanga, akupinda dzanja chonchi. Anzake onse anagwedeza mitu. Gelesomu sanamvepo kanthu, koma kukweza chala pakati pa anthu ophunzira kunamulemera, nayenso anagwedeza mutu. Anabwera kumudzi ndi chipewa cha bungwe, ndi kabowo kameneko m'mutu mwake.

Malo oimikapo Chifani anasankha pamwamba penipeni pa mtunda, pamene panali kathengo ka masuku. Anati pansi mphepo imapunthwa m'mitengo ndi m'nyumba, koma kumwamba imayenda mowongoka. Amuna anadula masukuwo n'kuyamba kukumba maenje omangirirapo mawaya anayi okoka chitsulocho kuti chisagwe. Amayi a m'mudzimo anaima patali, osayandikira, osaseka monga amachitira pakakhala alendo.

Mmodzi yekha ndiye anakwera. Anali aNankhoma, mayi ake aakulu a Gelesomu, amene anamulera amake atamwalira iye akadali wosavala. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo kale anali mzamba wa mudzi wonse. Anaima pa dzenje la kumadzulo ali chosavala nsapato.

"Gelesomu, waya uyu musunthe. Muuike uko."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Basi, musunthe."

A Msiska anali pomwepo ndi tepi yawo yoyezera, alendo a bungwe akujambula zithunzi. Gelesomu anaona mapazi ong'aluka a mayi ake, naona nsapato za alendowo, manyazi n'kumugwira.

"Amayi, izi n'zoyeza, si zongoloza ndi chala. Pitani mukapume."

ANankhoma anatsika mtunda. Wokumba dzenjelo anati nthaka ya pamenepo inali yofewa modabwitsa, ndipo khasu linatulutsa phale la mphika. Gelesomu analikankhira kumbali ndi phazi, iwo n'kuthira simenti.

Tsiku lodzutsa Chifani ndinalipo. Gelesomu anakwera pa chulu, chipewa kumutu, anthu akumuponyera mafunso.

"Chikamazungulira sichitiuluzira madenga?" anafunsa mayi wina.

"Si fani ya ku banki iyi," anatero Gelesomu. "Fani imadya magetsi n'kutulutsa mphepo. Ichi chimadya mphepo n'kutulutsa magetsi. Mphepo ikankha mapiko, mapiko azunguza dayinamo ili m'mutumo, ngati ya panjinga koma yaikulu. Magetsi atsika ndi waya mpaka m'mabatire m'kanyumbako, mabatire ayendetsa pampu, madzi akwera m'thanki."

"Nanga mchirawo ngwa chiyani?"

"Ndiwo umachitembenuza kuti nkhope iziyang'ana kumene mphepo ikuchokera."

"Sichitithamangitsira mitambo ya mvula?"

"Mitambo ili kutali, ichi ndi kamwana."

Mkulu wina anafunsa kuti chikaimaliza mphepo akazi azipeta ndi chiyani, anthu n'kufa nazo. Gelesomu anati mphepo ikadutsa pa mapiko imapitiriza ulendo wake, siitha. Anatinso tsiku lopanda mphepo Chifani chimagona, koma mabatire ndi thanki zimakhala zitasunga. Zonsezi anayankha bwino ndithu, ine ndinaomba nawo m'manja. Kukoma kwa m'manjako ndi kumene kunamuwonjezetsa mawu amene sanawamve kwa munthu.

"Mphepo ikachuluka ndiye phwando. Chimenechi sichiima mphepo ilipo."

Miyezi yoyamba zinayenda bwino. Madzi ankatsika okha m'migula, tomato anafiira, anthu anasiya kupita kumsika kukatchaja mafoni. Chachilendo chinali chimodzi. Dzuwa likapendeka aNankhoma ankakwera mtunda, n'kukakhala pansi pafupi ndi waya wa kumadzulo uja, dzanja lili pa waya. Wayawo umalira wokha mphepo ikamawomba, ndiye iwo ankayimba cham'mphuno motsatana nawo, nyimbo yopanda mawu. Anamangaponso kansanza ka chitenje chakale, kobiriwira kofwifwa. Amuna ankati ndi ukalamba. Amayi sankanena kanthu.

Mu Julaye kunabwera mwera umene sindinauonenso. Unasasula madenga a udzu, unagwetsa nthochi, fumbi mpaka m'mano. Anthu atayang'ana kumtunda kuti aone phwando lija, anapeza Chifani chitapinda mchira ngati galu wokalipidwa, mutu chitapotolera kumbali, mapiko ali njo. Chinkati chikayamba pang'ono, n'kuimanso. Zinatero masiku angapo mpaka mabatire anafooka, pampu n'kuima, mbande za m'nazale n'kuyamba kufota ndi mphepoyo.

Anthu a pa Chiwomba pakamwa sasunga. "Apampando, phwando lija layamba kapena tidikire makadi?" Ana omwe ankamutsanzira atakwera pa chulu. Nambala ya a Msiska inali m'foni mwake, koma kuimba kunali kuvomera kuti pali chimene sanamve. Safunsa anadya phula, koma uyu phulalo anadyetsa wina.

Anakwera mtunda ndi anyamata a kalabu kuti akaone. Anapeza aNankhoma atakhala pamalo pawo paja, atafunda mutu, dzanja pa waya, kansanza kakupepeluka. Gelesomu anayang'ana mapiko oima, nayang'ana nsanza, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima anapuma, chifukwa anapeza pogonekera manyazi ake.

"Ndi izi," anatero mokweza.

Mukudziwa mmene timachitira mvula ikachedwa, kuti payenera kupezeka nkhalamba yoimanga. Madzulo asanafike mudzi wonse unkati aNankhoma amanga Chifani. Nkhani sinafike n'kubwalo komwe. Anthu anangodzazana pakhomo pawo, anyamata ena miyala m'manja. Gelesomu anaima kutsogolo atanyamula kansanza kaja.

"Amayi, nenani pamaso pa anthu. Nsanza iyi ndi ya chiyani?"

ANankhoma anayang'ana pagulu mpaka maso awo anapeza Lonesi, mkazi wa Gelesomu. Lonesi anayang'ana pansi. Anayang'ana amayi ena achikulire, nawonso maso pansi.

"Sindinganene pali amuna."

"Mwamva nokha," anatero Gelesomu.

M'mawa mwake ndinakumana ndi aNankhoma pamsewu ndikupita kukapikula. Anali atasenza kamtolo, akulowera kumadzulo, kutsidya kwa Linthipe kumene mwana wawo wamwamuna ali pa chikamwini. Tangoganizani, mwini mudzi, amene analandira theka la anthu a pa Chiwomba m'manja mwake, kukakhala mlendo pakhomo pa mpongozi. Anandipatsa moni bwinobwino, kenako anati, "Mukafika muwauze asachotse nsanza ija." Ndinafika Gelesomu ataitentha kale. Tsiku lomwelo mwera unatsika, Chifani chinawongola mchira n'kuyamba kuzungulira, anthu n'kumati taonani umboni.

Zinthu zinayamba pang'onopang'ono, moti poyamba palibe anaziphatikiza.

Mayi wina anayanika zovala, potola n'kupeza chitenje chimodzi palibe. Mawa lake wina chimodzimodzi. Ankatukwana mbava, koma mbavayo inali yosankha modabwitsa. Inkasiya zitenje zatsopano, n'kutenga mbereko zokha, zothaitha, zonunkha mwana. Woweta mbuzi wina ndiye anakazipeza kumtunda, zitakulungana patsinde pa waya wa kumadzulo. Amuna anati ndi mphepo. Eni zitenjezo sanapite kukazitenga.

Kenako ana a kumsana. Dzuwa likapendeka, nthawi ija aNankhoma ankakwera mtunda, makanda a m'mudzimo ankasiya kulira onse pamodzi. Woyamwa ankasiya bere. Ankatembenuza timitu n'kumayang'ana kumtunda, maso ali tong'o. Ndinaziona ndekha tsiku lina ndikulongedza tomato m'dengu. Phokoso la ana linangoduka ngati wazimitsa wailesi.

Chifani nachonso chinayamba mwano. Mphepo ya kumeneko imachokera kumwera chakum'mawa, koma icho chinayamba kumayang'ana kumadzulo, kumsewu wa ku Linthipe. Utsi wa m'makhitchini ukupita uku, icho nkhope chaloza kwina. Magetsi anachepa, ndipo komiti inakakamiza Gelesomu kuitana a Msiska.

A Msiska anabwera pa njinga yamoto, nakwera chitsulocho atamanga lamba. Anathira girisi, nagwedeza mutuwo uku ndi uku, n'kutsika akuti palibe chothina. Nthawi yonse imene analipo Chifani chinayang'ana mphepo mwaulemu ngati mwana pali alendo. Akumwa madzi m'kanyumba ka mabatire, mlembi wa kalabu anawafotokozera monyadira za mwera uja ndi mmene anagwirira mfiti. A Msiska anayamba kuseka, koma ataona nkhope za anthu kusekako kunathera panjira.

"Mwati mayiyo munamuthamangitsa?"

A Msiska anaika kapu ya madzi pansi.

"Makinawa amadziteteza okha. Mphepo ikapyola muyezo, mchira umapinda, mutu umapatuka, buleki imagwira. Popanda zimenezo mapiko angathothoke kapena dayinamo kupsa. Chikanapanda kuima mu Julaye muja, bwenzi lero mukutola zitsulo m'dambo. Bambo Kamtedza, zimenezi ndinafotokoza tsiku lomaliza lija. Munagwedeza mutu."

Mlembiyo anandiuza kuti Gelesomu anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati ngati muli yankho. A komiti anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Palibe anakauza mudzi, chifukwa onse anali pakhomo paja tsiku lija.

Mukuganiza kuti anakwera njinga kukawatenga mayi ake? Ayi ndithu. Manyazi oyamba anabala achiwiri, aakulu kuposa amake. Kupita ku Linthipe kunali kuima pamaso pa mudzi wonse n'kunena kuti ndinanamizira mayi wondilera chifukwa choopa kufunsa funso. Ankati mawa. Anaonda, anasiya kukhala kutsogolo kutchalitchi, akaona munthu panjira ankapatukira m'munda. Koma mawa lakelo silinkafika.

Ndiye kunabwera kutentha kuja kwa mvula isanagwe, masiku amene tsamba siligwedera, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Popanda mphepo Chifani chimayenera kugona. Icho sichinagone. Mapiko ankayenda, koma osati kuzungulira. Ankapita uku pang'ono, n'kubwerera, kupita uku, n'kubwerera, tsiku lonse. Gelesomu analowa m'kanyumba n'kutsitsa chogwirira cha buleki ndi dzanja lake. Mapiko anapitiriza. M'mabatire simunkalowa kanthu, thanki inauma, anthu anabwerera ku ndowa.

Ndipo waya wa kumadzulo unayamba kulira popanda mphepo. Sindinganene kuti kunali kulira kwenikweni. Amayi muli pano mukudziwa kampweya kaja mwana amakoka asanalire, pakamwa atatsegula kale. Kanali kameneko, kukoka, kukoka, koma kulirako osafika. Kankamveka mpaka m'madimba. Anthu ankathirira mwakachetechete, wina osayang'ana mnzake. Oweta anasiya kudutsa kumtunda, ngakhale mbuzi zomwe zinkazungulira kutali.

Tsiku lina ndinalawirira kwambiri kuti ndipeze tomato asanatenthedwe. Kunja kunali kutangoyamba kuyera. Pamphambano ya kanjira kokwera mtunda ndinaona mzimayi ataima, atandifulatira. Anali atamanga chitenje pachifuwa monga wobereka mwana, akudzigwedeza. Ndinati, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Sanacheuke. Nditayandikira ndinaona kuti chitenjecho kumsana chinali lende, mulibe kanthu. Koma ine ndine wamakani chibadwire. Ndinamuzungulira kuti ndione nkhope.

Anali Lonesi. Bulauzi yake inali itanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri. Mwana wake womaliza anali kale kusekondale.

"Mkaka," anatero asanandiyang'ane. "Wayamba sabata yatha. Ndikangomva kaphokosoko umatuluka."

Ndinatula dengu, tinakhala pansi m'mbali mwa njira. Ndinamufunsa ngati ndiye ankatenga zitenje za anthu. Anati ayi, icho anamangacho n'chake, za enawo sakudziwa amene amazitenga. Kenako anandiuza.

Apa ndi paja ndinati abambo mutseke khutu limodzi. Mwana akabadwa wakufa kale, timati nthayo. Sapita kumanda a anthu onse, salira maliro, sakhoma bokosi. Amayi achikulire okha amamutenga mwakachetechete n'kukamuika pamalo pawo, mosazamitsa, kuopa kutseka mimba ya mayi wake, n'kuvundikirapo phale. Mwamuna sauzidwa malowo, ngakhale bambo wa mwanayo. Mudzi uliwonse uli ndi malo ake otero. A pa Chiwomba anali kathengo ka masuku kaja.

"Mimba yanga yoyamba," anatero Lonesi. "Anakamuika ndi amayi aja. Pamene pali simenti ya waya wa kumadzulo ndi pomwepo. Kansanza kaja kanali ka chitenje chimene anamukulungamo, theka anasunga iwo. Anagula ndi bambo ake omwe, atamva kuti ndili ndi pakati."

"Nanga tsiku lija bwanji simunalankhule?"

"Anandiyang'ana, mayi. Anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Ndinati ndikanena pali amuna ndalakwira mwambo, ndikanena ndachititsa manyazi mwamuna wanga pagulu. Ndinawasiya anyamule okha. Ine amene anandisambitsa, anandiphikira phala mwezi wonse."

Ndinamuuza kuti mwambo umenewo anauika kuti uteteze mayi, osati kuti uphe nkhalamba kuchilendo. Ine ndine wa mudzi wina, pakamwa panga sipomangidwa ndi za pa Chiwomba. Anandipempha kuti ndimuperekeze, tinatsikira limodzi kudimba.

Tinamupeza Gelesomu ali yekha, akuthirira ndi ndowa.

"Abambo a Sungeni," anatero Lonesi, "Sungeni si woyamba."

"Ndikudziwa zimenezo."

"Koma simudziwa pamene ali mkulu wake."

Gelesomu anatula ndowa. Kumtunda mapiko ankapita uku n'kubwerera. Lonesi sanaloze ndi chala, anangotembenuzira nkhope komweko.

"Waya wa kumadzulo. Nsanza munatentha ija munagula ndinu, kumsika wa Lachisanu, ya maluwa oyera."

Ndaona anthu akugwa nkhope, koma zotere ayi. Anati, "Phale lija," basi. Anakhala pansi m'mgula momwemo, m'matope, bambo wamtali uja, manja ali pamutu. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa manyazi ena amapsereza ndi woonerera yemwe.

Tsiku lomwelo anapalasa njinga kupita ku Linthipe. Zimene zinachitika kumeneko anazifotokoza yekha pambuyo pake, osabisa kanthu. Anawapeza aNankhoma atakhala pakhonde la kakhitchini, ataonda, miyendo itatupa. Mbiri inali itawatsogolera, moti ana a mudzi umenewo ankathawa akawaona, ndipo mpongozi wawo ankawapatsa chakudya m'mbale yawoyawo. Gelesomu anagwada patali, pabwalo, padzuwa.

"Wabwera ndi anyamata ako a miyala?"

"Ndabwera ndekha, amayi."

"Wamva?"

"Ndamva. Tiyeni kwathu, ndikukwezani panjinga."

"Kwathu ndibwera, ndi kwathu. Koma mtunda uja sindikweranso, taona miyendoyi. Mwana uja zaka zonsezi sanavute munthu. Munamudzutsa ndinu ndi makasu anu, n'kumuikira waya wolira pamutu. Ine ndinkangomugoneka."

"Ndiye nditani, amayi?"

"Mwana akadzuka amatani naye?"

"Ndimuuze Lonesi apite?"

"Lonesi anamunyamula miyezi yake yonse. Yatsala mbali yako."

"Amayi, ine ndine mwamuna."

"Pokumba unalinso mwamuna."

Anavula chitenje chimene anafunda n'kumuponyera. Anamuphunzitsa kanyimbo kaja pomwepo, iye atagwada, ana a eni mudzi akusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Potsazikana anamuuza kuti apite masana, anthu akuona, chifukwa nayenso anawanena masana.

Linali Loweruka, dzuwa lili paliwombo, anthu ali m'madimba. Ine ndinalipo, ndinasiya dala msika. Gelesomu anatulukira wopanda chipewa, chitenje chili paphewa. Anaima pa chulu chomwe chija, m'munsi mwa mtunda.

"Amayi anga sanamange kanthu," anatero. "Chifani chimaima chokha mphepo ikakula, kuti chisathyoke. Anandiphunzitsa, sindinamve, ndinachita manyazi kufunsa. Nditasowa chonena ndinaloza mayi wondilera. A komiti akudziwa zimenezi kuyambira tsiku anabwera a Msiska."

Anyamata a miyala aja anazyolika, amayi achikulire anakoka mipango kuphimba nkhope, chifukwa nawonso anali ndi gawo lawo. Gelesomu anayamba kukwera mtunda. Amuna anatsala m'munsi. Amayi tinamutsatira patali.

Kumtunda kunali bata loti ukanamva nyerere ikuyenda. Mbereko zosowa zija zinali pomwepo patsinde pa waya. Kaphokoso kaja kankakoka mpweya, kukoka, kukoka. Gelesomu anawerama monga anaonera akazi akuchita, naponya chitenje pamsana wopanda kanthu, n'kumanga pachifuwa mfundo yokhotakhota. Mtsikana wina anayamba kuseka, amake n'kumutsina. Kenako bamboyo anagwira waya n'kuyamba kuyimba cham'mphuno. Mawu ake ndi oipa, ngakhale kwaya ya kutchalitchi inamukana, koma anayimba, akudzigwedeza uku ndi uku pamodzi ndi mapiko aja.

Zinatenga nthawi. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Ndiye ndinaona kuti mapiko akufupikitsa ulendo wawo, pang'ono, pang'ono, mpaka anangotsala kunjenjemera. Kenako anaima. Kaphokoso ka pa waya kanakoka mpweya kamodzi kotalika, n'kuutulutsa.

Chimene ndinaona pambuyo pake, ena amati sanachione, ndipo sindikangana nawo. Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza udzu. Koma chitenje chija kumsana kwake chinadzaza. Mfundo ya pachifuwa inakokeka, mawondo ake anapinda pang'ono, ndipo dzanja lake linapita lokha kumbuyo kukachirikiza pansi pake. Lonesi analuma mpango kuti asalire, pakuti nthayo anthu sailira. Amene analira anali bamboyo, misozi chabe, nyimbo osaisiya. Amayi achikulire anayang'anana, koma palibe anamuletsa.

Madzulo a tsiku limenelo kunabwera kamphepo ka mvula. Gelesomu anakweza buleki, Chifani chinatembenuka n'kuyang'ana kumene kamphepoko kankachokera, n'kuyamba kuzungulira monga mwa ntchito yake. A Msiska anabweranso kudzasuntha waya uja, nauika pomwe aNankhoma analoza poyamba paja. Amuna anaphwanya simenti n'kutsika, ndipo dzenjelo anakwirira amayi okha.

ANankhoma anabwera pa ngolo, kudutsa pakati pa mudzi, atakhala mowongoka. Anthu ankabwera ndi nkhuku, ndi ufa, kuika pakhonde n'kuchoka osakweza maso. Iwo sananene kuti ndakhululuka, sananenenso kuti sindikhululuka. Gelesomu anawafolerera nyumba ndi manja ake, ndipo mpaka lero m'mawa uliwonse amakagwada pakhomo pawo. Iwo samufunsa kuti wadzuka bwanji. Amangofunsa kuti, "Wagona bwino?" Iye amadziwa kuti sakufunsa za iye.

Chitenje chija anachivula tsiku lomwelo, savala chitenje ayi, si wamisala. Upampando anapitiriza, madzi akukwera, tomato mukumuonayu ndi wa komweko. Koma mukadzamuona pamsonkhano wa kalabu, mudzayang'ane mmene amaimira. Sakhala pa mpando wotsamira. Amaima atawerama pang'ono, akugwedezeka uku ndi uku, dzanja limodzi lili kumbuyo.

Sabata yathayi ndinamupempha kuti anditwike dengu. Sanawerame monga amachitira amuna. Ananjuta msana uli chilili, monga timachitira ife tikabereka. Ine ndi pakamwa pangapa ndinafuula kuitana mnzanga amene anatsogola kuti andidikire. Gelesomu anandigwira mkono, nalankhula chapansipansi.

"Pang'onopang'ono, mayi. Wangogona kumene."